Ntchito yokonza ndi kuwonjezera mphamvu ya nyali yakutsogolo pa BMW K100RT ya 1985

Kumayambiriro kwa Meyi

Njinga yamoto imene ndikugwirapo ntchito ndi BMW K100RT ya chaka cha 1985, ya injini ya masilinda anayi yogonekedwa chammbali, yokwana 987cc, imene inafika kuno kudzera ku South Africa itadutsa kale m'manja mwa anthu angapo. Injini yake ilibe vuto, ndipo pa ulendo wautali imayenda mosatekeseka monga mmene inapangidwira, koma nyali yakutsogolo yafooka kwambiri moti dzuwa likangolowa ndimakakamizika kuchepetsa liwiro mpaka malole odzaza katundu amandipitirira. Pa msewu wa M1, makamaka pakati pa Dedza ndi Ntcheu pamene misika ya Lizulu ndi Tsangano inagundana ndi phula, wokwera njinga amakumana ndi njinga zakapalasa zopanda nyali, ngolo za ng'ombe, anthu oyenda pansi ovala zakuda, ndiponso malole owonongeka amene chenjezo lake limangokhala nthambi za mitengo zoyalidwa mumsewu. Ndikufuna kuti ntchitoyi ithe Juni asanafike pakati, chifukwa nyengo imeneyo kunja kumada msanga ndipo kumapiri a Dedza kumagwa chifunga.

Aliyense amene ndamuuza za vutoli wandipatsa limodzi mwa malangizo awiri, kuti ndigule babu la mawati 100 kapena ndiikemo babu la LED. Ine ndasankha kuti ndisagule kanthu kufikira nditadziwa kumene kuwala kukutayikira, chifukwa nyali imene inali yokwanira pamene njingayi inali yatsopano siingafooke popanda chifukwa chooneka.

Njingayi imagwiritsa ntchito babu limodzi la mtundu wa H4, lokhala ndi timawaya tiwiri toyaka mkati mwake, ka mawati 55 ka dimu ndi ka mawati 60 ka fulu. Kumbuyo kwake kuli mano atatu olowa m'pulagi, ndipo mawaya ake amatsata mitundu ya ku Germany: wachikasu ndi wa dimu, woyera ndi wa fulu, wabulauni ndi wa earth, wobwezera magetsi ku batire. Nditaliza injini ndi kuisunga ikuzungulira ka 3000 pa mphindi, mita inasonyeza mavolti 13.9 pa batire, zomwe zikutanthauza kuti alternator (chipangizo chopanga magetsi) ya mawati 460 ya njingayi ikugwira bwino ntchito yake. Pa mano a babu, dimu ili chiyakire, mita yomweyo inasonyeza mavolti 11.8 okha. Kuti ndidziwe mbali imene mphamvu ikuthawira, ndinagunditsa waya umodzi wa mita pa mutu wa + wa batire ndi winawo pa waya wachikasu wa m'pulagi, ndipo ndinapeza kuti mavolti 1.6 akutayikira njira yopita. Nditachita chimodzimodzi pakati pa waya wabulauni ndi mutu wa − wa batire, ndinapeza kuti theka la volti likutayikira njira yobwerera. Kuyeza kotereku kuyenera kuchitika nyali ikuyaka, chifukwa waya wodyeka ndi dzimbiri amasonyeza mavolti onse bwinobwino pamene palibe chimene chikukoka magetsi.

Mavolti awiri angaoneke ochepa kwa munthu amene sanaganizirepo za khalidwe la mababu a halogen, mtundu wa babu la njingayi. Babu la H4 linapangidwa kuti lipereke malumeni (muyeso wa kuwala) pafupifupi 1000 pa dimu ndi 1650 pa fulu likalandira mavolti 13.2, koma kuwala kwake kumatsika mofulumira kwambiri kuposa mmene mavolti akutsikira, kotero kuti mavolti akachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumachepa ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo 10. Pa mavolti 11.8 ndakhala ndikuyenda ndi magawo awiri okha mwa magawo atatu a kuwala kumene babu lomweli likanatha kupereka. Chifukwa chake chikuoneka munthu akatsata njira imene magetsi amayenda: amachoka pa batire, amadutsa m'bokosi la ma relay (timaswichi totsegulidwa ndi kutsekedwa ndi magetsi) pansi pa thanki, amakwera mpaka ku maswichi a pa handulo, kenako amatsikira ku babu kudzera m'mawaya opyapyala. Kalumikizidwe kameneka kanali kofala pa njinga za nthawi imeneyo, ndipo kankagwira ntchito pamene mkuwa wa m'maswichi unali wowala, koma patapita zaka zambiri za fumbi, mvula ndi kutentha, mfundo iliyonse ya m'njiramo ikudyako pang'ono. Kuika babu la mawati 100 panjira yotereyi kukanangotenthetsa swichi ya dimu ndi fulu mpaka pulasitiki yake kusungunuka, ndipo swichi imeneyo ndi yovuta kuipeza kusiyana ndi babu.

Sabata yotsatira

Ndachotsa mapanelo amkati mwa chishango chapulasitiki chakutsogolo kwa njinga n'kutulutsa nyali yonse kuti ndiione pa kuwala kwa dzuwa. Pulagi ya babu yada ndi kutentha ndipo dzino lake la earth lakhwepa moti limagwedera ndi chala. Labala wotseka kumbuyo kwa nyali wang'ambika, ndipo ndiye amene wakhala akulowetsa fumbi ndi chinyontho. Mbale yonyezimira ya mkati yachita khungu, makamaka theka lake lakumwamba, ndipo kumeneko n'kumene kumapweteka kwambiri, chifukwa pansi pa kawaya ka dimu pali kachikho kachitsulo kamene kamatchinga kuwala kuti kasapite kumunsi kwa mbale, motero kuwala konse kwa dimu kumadalira theka lakumwambalo kuti kubwezedwe pansi pamsewu.

Chimene chasintha dongosolo lonse la ntchitoyi ndi zilembo za pagalasi. Nyali zovomerezeka ku Ulaya zimakhala ndi chilembo E ndi nambala ya dziko mkati mwa kabwalo, ndipo apa palembedwa E1, kutanthauza Germany. Pafupi ndi zilembo zosonyeza kuti nyaliyo ndi ya halogen ya dimu ndi fulu, nyali yopangidwira mayiko oyenda kumanzere kwa msewu imakhala ndi kamuvi koloza kumanja kwa munthu amene waima kutsogolo akuiyang'ana, nyali yotheka kusinthidwira mbali zonse imakhala ndi kamuvi ka mitu iwiri, ndipo yopanda kamuvi konse ndi ya mayiko oyenda kumanja. Pa galasi langa palibe kamuvi. Zikuoneka kuti panthawi ina nyali yoyamba inasweka, ndipo amene anali ndi njingayi anaikapo ina yochokera ku dziko loyenda kumanja.

Nyaliyo ndinaibwezera pamalo pake madzulo n'kuyatsa dimu moyang'anizana ndi khoma la nyumba kuti nditsimikize. Malire a kuwala ndi mdima anayenda chopingasa kumanzere, ndipo atafika pakati anakwera chotsetsereka kulowera kumanja. Kukwera kumeneko, kwa madigiri 15, kunaikidwa dala kuti kuwala kufike patali m'mphepete mwa msewu, kumene kumakhala anthu oyenda pansi ndi zikwangwani, popanda kuthobwa m'maso oyendetsa amene akubwera kutsogolo. Kuno timayenda kumanzere, monganso ku Zambia, Mozambique, Tanzania ndi South Africa, choncho nyali imeneyi yakhala ikuchita zosemphana ndi cholinga chake: kuwala kwake kwabwino kumalowa m'maso mwa woyendetsa minibasi amene ndikupatukana naye, pamene wakabaza amene akupalasa m'mphepete kumanzere kwanga amatsala mumdima. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake oyendetsa ambiri ankandiphethirira fulu ngakhale kuti nyali yanga inali yofooka. Kusiyana kwa nyali za mbali ziwirizi kuli m'mizere ya galasi ndiponso m'kakhalidwe ka babu pampando wake, kotero kutsuka mbaleyi sikungathetse vutoli. Pakufunika nyali ina yathunthu. Ndatuma mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg kuti afufuze kwa ogulitsa zipangizo za njinga zophwasulidwa, ndipo ndamupempha kuti asalipire asananditumizire chithunzi cha galasi chooneka kamuviko bwinobwino.

Pakati pa Meyi

Podikira nyali, ndamanga njira yatsopano ya magetsi. Mfundo yake ndi yakuti mphamvu ya babu ichoke pa batire molunjika kudzera m'waya wonenepa, ndipo maswichi a pa handulo atsale ndi ntchito yopepuka yotsegula ndi kutseka ma relay. Ndagwiritsa ntchito ma relay awiri a galimoto a maampu 30, imodzi ya dimu ndi ina ya fulu, a mano anayi olembedwa manambala 30, 85, 86 ndi 87. Dzino la 30 limalandira waya wochokera ku batire, la 87 limapereka mphamvu ku babu, la 86 limalandira waya wakale wa njinga, wachikasu pa relay ya dimu ndi woyera pa ya fulu, ndipo la 85 limapita ku earth. Swichi imene inkanyamula pafupifupi maampu 5 tsopano izinyamula kachigawo kakang'ono ka ampu imodzi.

Waya ndasankha wa 2.5 mm², wa mkuwa weniweni. Pamenepa mpofunika kusamala pogula, chifukwa m'masitolo ena muli waya wooneka wonenepa kunja koma mkati muli timaulusi tochepa, ndipo wina ndi wa aluminiyamu wongopakidwa mkuwa, umene umadziwika ukapalidwa ndi mpeni chifukwa umayera. Mkulu wina wokonza zamagetsi a galimoto, amene ndimakonda kumufunsa nzeru, anandilangiza kuti fyuzi ndiiike pafupi kwambiri ndi batire, popeza ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya, ndipo chigawo chilichonse cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe chitetezo chikakhula pachitsulo. Ndapitirira pang'ono pa langizo lakelo poika mafyuzi awiri a maampu 15, iliyonse ndi waya wake, kuti njira ya dimu ikapsa usiku pamsewu fulu ikhalebe yamoyo. Pa njinga ya babu limodzi, kuzimiratu kwa nyali pa liwiro ndi ngozi imene ndikuiopa kuposa kufooka kwake.

Ndisanagwire waya uliwonse ndinamasula mutu wa − wa batire, ndipo pa njinga iyi chizolowezi chimenechi n'chofunika kwambiri chifukwa kompyuta ya Bosch yoyendetsa mafuta imakhala pansi pa mpando pafupi ndi batirelo. Thanki ndinainyamula nditadikira kuti mphamvu ya mafuta m'mapaipi itsike, pakuti pampu yake ili mkati mwa thanki momwemo. Mawaya atsopano ndawadutsitsa m'mbali mwa fulemu motsatira mtolo wakale, ndawaveka chubu chapulasitiki, ndipo pakhosi pa njinga ndasiya mpata wokwanira kuti handulo ikhotere kumanzere ndi kumanja mpaka pamapeto popanda kukoka kanthu. Ma relay ndawamangirira mkati mwa chishango, mano ake akuloza pansi kuti madzi asadikhemo. Mawaya akale sindinawadule. Ndagula pulagi yaimuna ya H4 yolowa m'pulagi yakale ya njinga, kotero kuti relay ikafa ndili kutali ndi kwathu ndingathe kuzula ndi kubwezera kalumikizidwe koyamba ndi manja okha. Pulagi yopita ku babu ndagula yadothi lowotcha, yosasungunuka ndi kutentha, ndipo waya wake wa earth ndaupititsa ku batire molunjika. Mfundo zonse ndazipana ndi chopanira choyenera n'kuziveka chubu chofota ndi moto, chifukwa mfundo yowotcherera ndi mtovu imauma ndipo imatha kuthyoka ndi kunjenjemera kwa injini.

Kumapeto kwa Meyi

Poti thanki inali itachoka kale, ndinamasula bawuti imene mawaya ambiri abulauni amakumanapo pafulemu, ndinapala dzimbiri mpaka chitsulo kuwala, ndipo ndinachitanso chimodzimodzi pamene waya wa − wa batire umamangidwa pa giyabokosi. Ntchito imeneyi inali yaifupi.

Pali chinthu china cha njinga za mtundu wa K chimene eni ake ayenera kuchidziwa asanayambe kusakasaka vuto la nyali kumalo kolakwika. M'bokosi la pansi pa thanki muli relay imene imazimitsa nyali ndi zinthu zina panthawi yoliza injini, kuti mphamvu yonse ya batire ipite ku sitata. Relay imeneyi imapeza earth yake kudzera mkati mwa sitata momwemo, choncho makala a sitata (tizidutswa topereka magetsi ku mbali yake yozungulira) akatha kapena mkati mukadzaza mwaye wa makalawo, nyali, hutala ndi ma indicator zimayamba kuzima ndi kuyaka mosadziwika bwino ngakhale kuti mawaya onse ali bwino. Ndakhala ndikuona nyali ikuphethira apo ndi apo injini ikangolira kumene, motero ndinatulutsa sitata, ndinaitsegula, ndinaitsuka, ndipo ndinapeza kuti makala ake afupika koma angathe kuyendabe kwa kanthawi. Ndaitanitsa ena. Ubwino wotenga chizindikiro cha ma relay atsopano kuchokera ku mawaya akale ukuonekera pomwepa, chifukwa nyali ikuzimabe yokha poliza injini monga kale, kanyali kabuluu kosonyeza fulu kakugwirabe ntchito, ndipo batani lophethirira silinasinthe.

Nditalumikiza zonse ndi kuyezanso pa liwiro lomwe lija la injini, babu likulandira mavolti 13.5 pamene batire lili pa 13.9. Ngakhale ndi nyali yakale yochita khunguyo, kuwala kwasintha kuchoka pa chikasu chofiirira kufika poyera.

Kumayambiriro kwa Juni

Nyali yafika pa basi, yokulungidwa m'bulangete, ndipo kamuvi kali pagalasi. Galasilo lili ndi timabala ting'onoting'ono ta miyala koma lilibe mng'alu, ndipo mbale yake yangochita fumbi lopyapyala popanda kusupuka. Utoto wonyezimira wa m'mbale zimenezi ndi aluminiyamu wopyapyala ngati fumbi la pamapiko a gulugufe, moti nsalu ngakhale yofewa bwanji imasiya mikwingwirima imene siichokanso. Ndinathiramo madzi oyeretsedwa a mtundu wothira m'batire pamodzi ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, ndinakhutchumula mofatsa, ndinatsukuluza mpaka thovu litatha, kenako ndinaisiya pamthunzi podutsa mphepo kufikira itaumiratu. Sindinalowetsemo chala kapena nsalu. Labala wakumbuyo anabwera wathunthu, ndipo ndamupaka mafuta pang'ono a silikoni kuti afewe.

Nkhani ya babu ndiyo yanditengera nthawi yambiri yoganiza. Mnzanga wina anandibwereka babu la LED lokwanira pampando wa H4 kuti ndiliyese ndisanagamule, ndipo ndinaliyesa pakhoma lomwe lija, mtunda womwewo, motsatizana ndi la halogen. Poyang'ana nyaliyo kutsogolo, LED inkaoneka yowala mochititsa mantha, yoyera mopita ku buluu. Pakhoma nkhani inali ina. Malire akuthwa a kuwala ndi mdima anasanduka chimtambo, kuwala kwambiri kunamwazikira pamwamba pa mzere kumene kumakhala maso a anthu, pafupi ndi tayala lakutsogolo panawala kwambiri, koma kachigawo kowala kwambiri kamene kamayenera kukhala pansi penipeni pa mzere, kamene ndiko kamaunika patali, kanafooka. Chifukwa chake n'chodziwika. Mbale ndi mizere ya galasi zinawerengedwa poganizira kawaya kopyapyala kozungulira, kotalika mamilimita ochepa, kokhala pamalo amodzi enieni ndipo kowala mbali zonse, pamene LED ndi timabwalo tathyathyathya tomatidwa mbali ziwiri za kachitsulo kokhala ndi makulidwe ake, ndipo kusuntha kwa gwero la kuwala ndi milimita imodzi yokha kumasokoneza kumene kuwalako kukafike. Kuwala kochuluka pafupi ndi njinga kumapusitsa wokwera, chifukwa amamva ngati akuona bwino pamene maso ake achepetsa mboni ndipo sakuonanso zakutali.

Alipo mababu a LED opangidwa mosamala amene amatsanzira bwino malo a kawayako, ndipo sindikutsutsa amene anawayesa pa nyali zawo n'kupeza mzere wabwino. Limene ndinabwerekali linalinso ndi vuto lina loti kumbuyo kwake kuli kafani koziziritsa, kamene sikalola kuti labala atseke, ndipo ndi fumbi la miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala mbale imene ndangoitsuka ikanachitanso khungu chaka chisanathe. Ndalibweza kwa mwini wake ndipo ndamufotokozera zimene ndinaona, popeza iye amayenda nalo pa galimoto yake usiku uliwonse pakati pa anthu.

Ndagula babu la halogen la mawati omwewo 60 ndi 55, la gulu limene makampani monga Osram ndi Philips amaligulitsa ngati lowala moposa wamba. Mababu amenewa sakoka magetsi ochuluka. Kawaya kake n'kakang'ono ndi kopotedwa mothinana, kamayaka motentha kwambiri, ndipo mbale imatha kukusonkhanitsa bwino kuwala kwake n'kukuponya patali. Kuipa kwake n'kwakuti sakhalitsa ngati babu wamba, ndipo mavolti okwera amene ndabwezeretsa afupikitsanso moyo wake, pakuti kuwonjezera mavolti ndi magawo 5 pa 100 kumadula moyo wa babu pafupifupi ndi theka. Ndavomereza zimenezo, ndipo babu lina lapadera lizikhala m'kabokosi ka m'chishango nthawi zonse. Ndapewa mababu opakidwa buluu thupi lonse, chifukwa utotowo umadya kuwala kumene ndikukufunako. Poika babu ndinaligwira pachitsulo chake chokha, popeza mafuta a m'zala akatsala pagalasi lake amapanga malo otentha kwambiri amene amalifooketsa.

Sabata yachiwiri ya Juni

Kulunjika nyali ndi gawo limene ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limagamula ngati ntchito yonseyi ipindule. Ndinapeza malo osalala a simenti moyang'anizana ndi khoma, ndinapopa matayala pa mlingo wake, ndinathira mafuta pafupifupi theka la thanki, ndipo ndinakhala panjinga itachoka pa sitandi, mnyamata wanga atagwira choko ndi tepi yoyezera. Kuyeza njinga itaima pa sitandi yapakati popanda munthu kumanamiza, chifukwa wokwera akakhalapo kumbuyo kumatsika ndipo nyali imadzuka. Pakati pa galasi panali pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi. Tinalemba mzere pakhoma pa msinkhu womwewo, tinabwerera m'mbuyo mamita 10, ndipo tinalemba mzere wachiwiri masentimita 10 pansi pa woyambawo. Ndinapotokola chosinthira cha kumbuyo kwa nyali mpaka chigawo chopingasa cha malire a dimu chinagona pa mzere wachiwiriwo, ndipo ngodya imene kuwala kumayambira kukwera inakhala pa mzere woimirira wolunjika pakati pa njinga. Ulendo uno kuwala kukukwerera kumanzere.

Kutsika kwa masentimita 10 pa mamita 10 kukutanthauza kuti, ndi nyali ya msinkhu umenewu, malire a dimu amakagunda pansi pa mtunda wa mamita 90 pa msewu wosalala. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola njinga imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, choncho mtunda umenewo ndi masekondi anayi okha oti wokwera aone chinthu, azindikire kuti ndi ngolo yopanda chonyezimira, agwire mabuleki ndi kuima. Nyali ikatsitsidwa kawiri kuposa pamenepa, monga mmene ambiri amachitira poopa kuthobwa anzawo, mtundawo umadulidwa pakati. Ikakwezedwa mopitirira, imayatsa mitengo ndi maso a anthu. Tinabwerezanso kuyeza mayi a kunyumba atakhala kumbuyo ndi mabokosi am'mbali atadzaza, ndipo malire anakwera moonekeratu kupitirira mzere wapamwamba, kotero ndalemba kachizindikiro pa chosinthiracho kuti ndizidziwa pofikitsa ndikanyamula munthu ndi katundu, komanso ndiziumitsa shoko yakumbuyo monga mmene ziyenera kukhalira.

Pakati pa Juni

Ndayesa njingayi usiku kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza n'kubwerera. Kusintha kwakukulu kuli m'mphepete mwa msewu kumanzere, kumene tsopano ndikutha kuona miyendo ya munthu woyenda pansi ndi mtolo wa makala pa njinga yakapalasa ndikadali patali mokwanira kuti ndipatuke mosadzidzimuka. Oyendetsa amene ndinapatukana nawo sanandiphethirire. Fulu ikufika patali kwambiri kuposa kale, ngakhale kuti pa H4 kawaya ka dimu kamazima fulu ikayaka, motero pafupi ndi njinga pamada pang'ono, ndipo pa msewu wa maenje zimenezi zimamveka. Ena amalumikiza kuti timawaya tonse tiwiri tiziyakira limodzi, koma kutentha kwa mawati 115 m'kagalasi kamodzi kumapha babu msanga, ndipo ine sindichita zimenezo. Nditafika ndinagwira ma relay, mafyuzi ndi pulagi yadothi ija. Zonse zinali zofunda chabe, ndipo swichi ya pa handulo, imene kale inkatentha, inali yozizira.

Pakhota pali vuto limene nyali imodzi yomangidwa pachishango singalithetse. Njinga ikapendekera kumanzere malire a kuwala amapendekera nayo limodzi, ndipo mkati mwa khotalo, kumene maso akufuna kuyang'ana, mumada. Pa zokhota za m'mapiri ndinaona kuti ndikuchepetsabe liwiro kuposa mmene msewu ukufunira. Yankho lake ndi nyali ziwiri zazing'ono zothandizira, zomwaza kuwala chammbali, zomangidwa m'munsi ndi zolunjikidwa pansi, ndipo pamenepa LED ndi yoyenera chifukwa nyali yotero imapangidwa yathunthu ndi galasi lake lowerengedwera gwero limenelo. Alternator ya mawati 460 ili ndi mpata wokwanira nyali ziwiri za mawati 10 kapena 15 iliyonse, ngakhale pampu ya mafuta ndi fani ya injini zikugwira ntchito. Zidzakhala ndi relay, fyuzi ndi swichi yakeyake, ndipo chizindikiro chake chidzachokera ku waya woyaka ndi kiyi kuti zisadzatsale zikuyaka njinga itazimitsidwa.

Chatsala ndi kupeza pozimangirira polimba, chifukwa chishango chapulasitiki cha zaka zimenezi sichingapirire kulemera kogwedera pa msewu wa mabampu. Ndajambula pakatoni zitsulo ziwiri zoti zigwire pa mabawuti a fulemu pafupi ndi rediyeta, ndipo ndikazipereka kwa wowotcherera sabata ya mawa, makala atsopano a sitata akangofika kuti ndidzanyamule thanki kamodzi kokha pa ntchito zonse ziwiri.